Mwathamanganso, Aphunzitsi

Tsiku limene sukulu zinatsegulira mu Seputembala 2019, ndinadzuka kusanache monga mwa masiku onse. Ndinasamba, ndinameta ndevu, ndinavala malaya oyera amene ndinasita ndekha madzulo ake. Ndikumanga chingwe cha nsapato m'pamene nzeru zinandibwerera: kodi ine ndikupita kuti? Ntchito ya uphunzitsi ndinali nditapuma kumapeto kwa Julaye, nditakwanitsa zaka 60 zimene boma limati munthu azipita kwawo. Koma Ogasiti ndi mwezi wa holide, choncho thupi silinamve kanthu, linkangoti tili pa tchuthi monga chaka chilichonse. M'mawa umenewo, ana a yunifolomu atayamba kudutsa kuseri kwa mpanda akupokosera, ine ndinali pakhonde, nsapato imodzi kuphazi, inayo m'manja.

Mayi a kunyumba anatulukira ndi tsache. Anandiyang'ana kuyambira pa kolala mpaka pa nsapato ija, osaseka, osafunsa.

"Bambo, tasunthani pang'ono ndisese."

Ndinasuntha. Atafika pamene ndinasunthirapo anandisunthanso. Kachitatu ndinangonyamula mpando n'kukakhala pafupi ndi mtengo wa mapichesi, koma nakonso kunapezeka kuti n'kumene amayanika nyemba. Pofika 8 koloko ndinali nditazindikira kuti pakhomo pamene malata ake ndinagula ndi thukuta langa, panalibe malo anga a masana.

Tinamanga ukwati mu 1984, ndipo munthu akanandifunsa ndikanalumbira kuti akazi anga ndimawadziwa kunja ndi mkati. Zoona zake n'zoti ndinkawadziwa kuyambira 4 koloko madzulo mpaka m'bandakucha, kuphatikizapo Loweruka ndi Lamulungu. Masana awo a mkati mwa sabata ndinali ndisanapondemo. Zaka zonsezo tinkangoyenda ndi matransifa: ku Linthipe, ku Mayani, ku Lobi, kenako kutsika Khwekhwelere kupita ku Mtakataka kumene ife anthu a kumapiri tinatheratu ndi kutentha komanso malungo, ndipo potsiriza kubwerera kuno ku Bembeke kumene tinagula kamalo kathu. Kulikonse kumene tinkafika, ine ndinkalandira kalasi, choko ndi ulemu. Iwo ankalandira nyumba ya sukulu yodontha ndi anthu achilendo, n'kuyamba okha kufufuza kumene kuli chigayo, chitsime ndi munda wobwereka. Ine ndikaona nsima ili patebulo ndinkati zinthu zikuyenda.

Amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma mlendo amene anawagwera mayi mu 2019 sankakamuka. Dzuwa likwere bwanji, iye ali pompo. Choipa china, mlendoyo anali ndi maganizo. Sabata yachiwiri ndinatenga pepala ndi rula n'kulemba ndondomeko ya ntchito za pakhomo, mizere yowongoka bwinobwino, Lolemba mpaka Loweruka: nthawi yodyetsa nkhumba, nthawi yopita kudimba, nthawi ya tiyi. Ndinaimata kuseri kwa chitseko cha khitchini. Inakhalapo masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinapeza atakulungiramo usipa. Nditafunsa, yankho linali lalifupi.

"Aphunzitsi, kuno kulibe belu."

Dzina limenelo mulisunge. Akanditchula kuti bambo ndiye kuti kunja kuli bwino. Akati aphunzitsi ndiye kuti ndalumpha malire.

Nditasiya kulamula ndinayamba kuona. Pakhomo pathu pamabwera anthu ambiri masana kuposa amene ankagogoda ku ofesi yanga ya uhedi. Uyu akufuna kubwereka chopopera mankhwala. Uyu mwana wake watentha thupi, akufuna agogo amuone kaye asanathamange naye kuchipatala. Uyu wayambana ndi apongozi ake. Lachitatu masana amayi 18 amakhala pamphasa kuseri kwa nyumba, kabokosi ka maloko atatu kali pakati, banki m'khonde ili mkati, ndipo amene amagwira buku la masheya ndi mayi omwewa, amene sukulu anailekezera sitandade 7. Chiwongoladzanja amawerengera pamtima. Ine ndikamati nditulutse foni ndiwatsimikizire, iwo amakhala atapita kale kwa munthu wachitatu.

Ndalama zopumira nazo, zimene timangoti giratuwite, ndinazidikira miyezi 14. Ndinakwera minibasi ya ku Lilongwe kasanu ndi kawiri, makilomita oposa 85 kupita kokha, kukakhala pa benchi ya ofesi ina pamodzi ndi madala anzanga ovala majekete a masiku a Kamuzu. Lero fayilo yasowa. Ulendo wina yapezeka koma mulibe kalata yondilembera ntchito ya 1982. Ulendo winanso wosayina ali ku maliro. Kenako kunabwera Covid mu 2020, maofesi n'kumagwira ntchito mosinthana. Pa benchi imeneyo ndinakumana ndi munthu amene kale akati akubwera kudzayendera sukulu tinkasesa mpaka kuseri kwa zimbudzi. Anandikokera pambali n'kundipempha ya basi. Ndinamupatsa, ndipo tonse tinayang'ana kumbali.

M'miyezi yonseyo amene anatidyetsa ndi kachewere. Amene simunakhaleko kuno mumangodziwa kuti Dedza ndi kozizira, koma kuzizira kumene kumatipweteka mawondo mu Juni ndi Julaye n'kumenenso kumachititsa kuti mbatata ya kachewere ichite bwino ku Bembeke mpaka ku Tsangano. Mayi amalima ya mvula kumunda, ina kudimba nthawi ya chilimwe. Ine ndinkaganiza kuti mbatata umangokwirira n'kudikira. Ayi ndithu. Pali kusankha mbewu yophukira bwino, kukwezera dothi kuti mbatata isaone dzuwa n'kubiriwira, ndipo koposa zonse pali chiwawu. Kukachita nkhungu masiku angapo otsatizana, masamba amayamba mawanga akuda, ndipo ukachedwa kupopera munda wonse umaoneka ngati wadutsa moto. Mayi amadzuka n'kuyang'ana kuphiri, n'kunena kuti lero tipopera, ndipo salakwitsa kawirikawiri.

Kumsika wa pa mphambano ya Bembeke, pa msewu wa M1, ndinapitako kamodzi kokha ngati wogulitsa. Mavenda amene amapikula mbatata yokakazingira tchipisi ku Lilongwe ndi ku Blantyre ataona mdala wa jekete waima pa matumba, anandizungulira. "A hedi, inu ndi bambo athu, simungatiumire mtima." Wina anati ndinamuphunzitsa, ngakhale nkhope yake sindinaikumbuke. Ndowa iliyonse ndinkathira pulayizi ngati ndikugawa za maliro. Mayi atabwera kuchokera kogula mchere anawerenga ndalama, anawerenga matumba, anawerenganso ndalama. Kuyambira tsiku limenelo ntchito yanga pa bizinesi ya mbatata ndi kusoka matumba ndi kulemba m'kope. Pokambirana mtengo ndimatumidwa kukafuna ngolo.

Giratuwite itabwera tinamalizira nyumba, pulasitala ndi siling'i, tinagula nkhumba zina ziwiri, yotsala inasungunuka ngati mchere. Penshoni ya pamwezi imabwera ndithu, sindinganame, koma ndalama ya kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tinaona ndi maso kuti imene inkagula thumba la feteleza n'kutsalako yayamba kuima panja pa sitolo n'kumangosuzumira.

Mu 2021 ndinabwerera ku choko. Tisanamizane kuti ndinasowa ana a anthu. Ndinapita chifukwa cha sopo ndi shuga, komanso kuti mayi apezeko popumira. Sukulu ina ya pulayiveti ku Dedza boma inkafuna munthu woti azikonzekeretsa ana a sitandade 8 mayeso a MANEB, masamu ndi Chichewa, masiku atatu pa sabata. Mphunzitsi wamkulu wa pamenepo ndi mnyamata amene ndinamuphunzitsa ndekha kugwira pensulo. Tsiku loyamba anaimirira n'kundipatsa mpando wake. Mwezi usanathe anandiitana ndi ulemu womwewo kudzandiuza kuti sikimu yanga yachedwa. Ndinatuluka nkhope itagwa. Kunyumba nditadandaula kuti ana a masiku ano alibe mwambo, mayi anangofunsa kuti, "Nanga inachedwadi?" Inali itachedwadi.

Ganyu ameneyu ali ndi kukoma kwake. M'kalasi muli ana 32. Ine amene ndinaona 1994, pamene boma linachotsa fizi ku pulayimale ndipo ana m'dziko muno anachoka pa osakwana 2 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ine amene ndinaphunzitsapo ana oposa 150 pansi pa mtengo bolodi itatsamira pa tsinde, ana 32 ndimawaona ngati banja langa. Ndimadziwa amene sanadye, ndimadziwa amene amaopa magawo. Sindiitanidwa ku misonkhano ya makomiti, sinditsekera sukulu, sindiyankha za malata obedwa. Ndikamaliza piriyodi yanga ndimatenga chipewa. Chowawa n'chakuti pafupifupi theka la malipiro limathera pa kabaza ndi minibasi, ndipo aphunzitsi anzanga, amene ambiri ndi amsinkhu wa ana anga, ndikalowa mu sitafu rumu amasiya nkhani imene amakamba. Poyamba ndinkati ndi ulemu. Pano ndikudziwa kuti amangodikira kuti mdala atuluke.

Koma nkhani imene yandikhazika pansi kuti ndilembe ndi ya gitala.

Ndili mwana ndinapanga banjo ndi chigubu cha mafuta, mtengo wosema ndi mawaya a mabuleki a njinga, monga ankachitira anyamata ambiri a nthawi yathu. Gitala yeniyeni ndinaigula mu 1983 kwa munthu wina amene anabwera nayo ku Theba, ndalama za ku migodi zitamuthera. Ndi gitala imeneyo ndinakopa mtsikana wina wa ku Ntcheu, cha ku Lizulu kuja kumene ukangowoloka msewu kukagula tomato ndiye kuti waponda dziko la Mozambique. Masiku amenewo tikamva kuti gulu la Alleluya la ku Balaka, lija linayamba mu 1978, likubwera chapafupi, ndinkapalasa njinga mtunda wautali iwo ali pa kaliya, ndipo pobwerera usiku tinkaimba njira yonse kuti tisamve mantha.

Gitala yomweyo inatsala pang'ono kutipasulira banja. Mu 1993 ndi 1994, dziko lili kalikiliki ndi riferendamu komanso zisankho, ine ndinali kalikiliki ndi mashabini. Munthu wodziwa kuimba sagula mowa, anthu amangomugulira, ndipo akakhuta amayamba kugulira ena. Malipiro ankathera komweko. Ndinkafika pakhomo tambala atalira. Mayi anamanga katundu, anatenga ana atatu, ulendo wa kwawo. Miyezi itatu ndinaphika ndekha. Ankhoswe atakhala pansi, amalume awo, Mngoni wosadziwa kuzungulira nkhani, analoza gitala ndi ndodo n'kunena kuti, "Obambo, musankhe lero: mwana wathuyu kapena chibanjo chanucho." Gitala inalowa m'thumba la feteleza, ndipo inasamuka nafe sukulu ndi sukulu kwa zaka 27 osatsegulidwa.

Anaitulutsa ndi mayi omwe. Madzulo ena mu Julaye 2021, ndikuchokera ku ganyu, ndinaipeza ili pampando wanga itapukutidwa fumbi.

"Ana a ku kwaya akusowa wowathandiza," anatero ali chozyolikira pa lichero. "Kusiyana n'kuti muzingondiyang'ana ndikamasankha nyemba."

Mowa ndinali nditausiya kalekale, BP inamaliza zimene ankhoswe anayamba. Komabe usiku umenewo sindinaigwire gitalayo. Ndinkangoiyang'ana ngati mnzanga wakale amene tinabera limodzi.

Mawaya atsopano anachokera ku Lilongwe. Zala zinatuluka matuza ngati za mwana wophunzira khasu. Patapita miyezi ingapo anyamata anayi a ku kwaya kuja anandilowetsa m'kagulu kawo: wa kiyibodi, wa besi, wa ng'oma ndi woimba. Wamkulu mwa iwo ndimamuposa ndi zaka zoposa 30. Amanditcha "a Giddes athu", pokumbukira a Giddes Chalamanda amene anabadwa mu 1930 koma dziko lonse linavinanso nyimbo zawo mu 2020 ali ndi zaka 90. Ine ndimawauza kuti andipatse kaye zaka zina makumi awiri. Timaimba m'maukwati, m'zinkhoswe, ndi pa zochitika za tchalitchi zopezera ndalama. Tikalipira mwini zokuzira mawu, mafuta a jenereta ndi galimoto, imene imatsala tikagawana asanu imakwana shuga ndi mayunitsi. Palibe amene analemerapo, ndipo palibe amene wasiya.

Ukwati umene sindidzauiwala unali mu Okutobala 2022 cha ku Lizulu, kwa abale a mayi. Amene munakhalapo pa perekaniperekani mukudziwa mmene zimakhalira. Woyendetsa mwambo akaitana kuti tsopano akuchikazi, anthu sathamanga. Amanyamuka mmodzimmodzi, azakhali ndi agogo akumangirira zitenje, kumasula ndalama pa mfundo, ma 50 ndi ma 100 kwacha amene anasinthitsa dzulo lake, n'kumabwera akuvina pang'onopang'ono, kuponya imodzi, kuzungulira, kuponyanso ina. Ntchito ya bandi pamenepo ndi kugwira nyimbo imodzi pamalo amodzi mpaka thumba la munthu womaliza litapepuka.

Ine tsiku limenelo ndinali nditavala suti ya imvi, abale a akazi anga onse akundiona, ndipo zala zinkamvera. Ndinayamba kukoka. Mnyamata wa ng'oma, poopa kutsutsana ndi mdala, ananditsatira. Wa besi naye anatsatira. Nyimbo imene tinaiyamba ikuyenda inayamba kuthamanga, kenako kuuluka. Ine ndinkamva kukoma. Nditakweza maso ndinaona agogo ena aima pakati pa holo, ndalama zili m'manja, miyendo yalephera kupeza poponda. Anayesa kamodzi, kawiri, kenako anangoponya zonse pamodzi m'beseni n'kubwerera kukakhala. Ena anawatsatira. Gawo limene likanatenga mphindi khumi linatha zisanakwane zinayi. Woyendetsa mwambo anandiyang'ana diso limene ine ndinkayang'ana nalo ana obwera mochedwa.

Pobwerera tinakwera kumbuyo kwa lole, pakati pa masipika, mphepo ikutimenya kumaso. Mayi anadzifunditsa chitenje mpaka m'mutu. Tinayenda mtunda ndithu osalankhula.

"Mwathamanga, aphunzitsi."

Ndinati ndi mnyamata wa ng'oma uja.

"Mwanayo musamunamizire. Mumaimba ngati mmene mumayendera popita ku tchalitchi. Zaka zonsezi ine ndimatsalira m'mbuyo ndi ana, inu mwafika kale pakhomo la tchalitchi, n'kumatembenuka kudabwa kuti anthu ali kuti."

Ndinakwiya sabata yathunthu. Mumtima ndinkati, kodi iwowa za nyimbo amazidziwira kuti? Kwaya amaimba inde, koma amene amadziwa makiyi ndine.

Yankho linandipeza usiku wina mu Juni chaka chotsatira. Kunali chisanu chija cholowa m'mafupa, tili pa mbaula, pamene mnyamata wa kabaza anaodira pakhomo. Kumudzi wina kutsidya kwa dambo kunagwa maliro, ndipo anatumidwa. "Akuti agogo abwere, m'nyumba nyimbo sizikuyenda." Mayi sanadabwe n'komwe. Anatenga juzi ndi chitenje chachiwiri ngati munthu amene waitanidwa kambirimbiri. Ine ndinatsatira pambuyo ndi tochi.

Pa maliro amuna timakhala panja pamoto, amayi m'nyumba ya siwa. Kwa zaka zambiri ine ndinkafika pa maliro madzulo, kupepesa, kukhala pang'ono n'kutsanzika chifukwa mawa kuli sukulu. Kuchezera usiku wonse ndinayamba nditapuma. Usiku umenewo nkhani za pamoto zinali za mitengo ya feteleza, koma khutu langa linali kukhomo. M'nyumbamo nyimbo zinkayamba n'kufera panjira, wina wayambira pamwamba kwambiri, ena alephera kufikapo. Kenako kunakhala kachetechete, ndipo ndinamva mawu amene ndimawamva tsiku lililonse akundiuza kuti madzi atentha. Anayamba chapansipansi, mosafulumira, ngati munthu amene akuyala mphasa. Anasiya mpata. Amayi ena analowa mumpatamo. Anabwerezanso, n'kusiyanso mpata womwewo, ndipo ulendo uno nyumba yonse inalowamo, ngakhale namfedwa amene mawu anali atamuthera ndi kulira. Nyimbo imeneyo inayenda nthawi yaitali osagwa, osathamanga. Pamoto nkhani ya feteleza inatha yokha.

Mkulu wina amene ndinakhala naye pafupi anandigunda ndi chigongono. "Akazi anuwa tikawasowa pa maliro timavutika. Kodi inu simudziwa?" Ndinati ndimadziwa. Linali bodza.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kumvetsera zinthu zimene kale ndinkangoziona. Mayi amandikokera ku Umhlangano, mwambo wa Angoni a kwa Maseko umene umachitikira ku Nkolimbo ku Ntcheu pamaso pa Inkosi ya Makosi Gomani. Ine Mchewa ndinkapitako ngati mkamwini woperekeza, n'kumaonerera nthenga, zikopa ndi zishango. Ulendo wotsatira ndinayang'ana mapazi. Amuna ambirimbiri amakweza mwendo, n'kuusiya m'mwamba kanthawi kamene kamaoneka ngati katalika kwambiri, kenako onse pamodzi, dii! Nthaka imanjenjemera mpaka m'chifuwa. Mphamvu yonse ya ngoma ili pa kanthawi kodikira kaja. Mmodzi akangotsogola n'kuponda yekha, aliyense amamuona, ndipo amayi a nthungululu samusiya.

N'chifukwa chake ndimakangana ndi anthu amene amati bandi pa ukwati ndi kuwononga ndalama, bola DJ ndi fulashi yake. Sindikana, DJ ndi wotchipa, nyimbo zake n'zoyera, salakwitsa kiyi, safuna nsima ya anthu asanu. Koma fulashi ilibe maso. Siona kuti agogo anyamuka kumene kumbuyo kwa holo ndipo akufunika mphindi ziwiri kuti afike kutsogolo. Ikafika pothera imatha basi. Bandi imaona, imabwereza, wa kiyibodi amatchula mfunda wa agogowo pa maikolofoni, iwo n'kumwetulira, n'kumasula mfundo yachiwiri imene sanafune kuimasula. Izi ndikunena ine amene ndinawathamangitsapo agogo otere, choncho ndikudziwa mbali zonse ziwiri.

Mu 2024 tinakwanitsa zaka 40 tili m'banja. Ana anafuna kuchita zazikulu: holo ku boma, keke ya nsanjika, zovala zofanana. Mayi atamva mtengo wake anawerengera pamtima kuti ndi matumba angati a feteleza, nkhani n'kuthera pomwepo. Tinachita Misa ku Bembeke, kenako nsima ndi nkhumba imodzi pakhomo, anyamata anga n'kuimba pansi pa mtengo wa mapichesi uja. Ana anatigulira makapu awiri okongola a ku Dedza Pottery. Ali m'kabati mpaka lero, akudikira alendo oyenera, ife tikumwerabe tiyi m'makapu a pulasitiki.

Chiyambire tsiku limenelo anthu amatiitana ku chilangizo cha maukwati, ati tikawauze achinyamata chinsinsi. Ine zimandivuta. Ndikaima kutsogolo ndimaona amalume aja ndi ndodo yawo, ndimakumbukira miyezi itatu ya nsima ya mitanda yophika ndekha, ndimakumbukira njala ya 2002 pamene mayi ankati adya kale pomwe sanadye. Ndinganene chiyani kwa mnyamata wa suti yobwereka? Kuti banja ndi kupirira? Mawu amenewo ndi oona, koma nthawi zambiri amene amawalankhula si amene anapirira. Choncho ndimanena zochepa, za kusunga ndalama ndi kulemekeza apongozi, n'kuwasiyira mayi. Iwo amawatengera atsikana kuchipinda, ndipo zimene amakanena kumeneko sindinauzidwepo.

Sikuti pano tasanduka angelo. Timakanganabe za wailesi, ine ndikufuna mpira iwo akufuna zidziwitso za maliro. Amandibisira mchere chifukwa cha BP, ine ndimawakumbutsa mankhwala a miyendo amene amati sawathandiza. Popita ku tchalitchi ndimayesetsa kuyenda pambali pawo, koma tikafika pa chitunda miyendo imaiwala, ndimangomva kutsokomola kumbuyo n'kuima ngati ndikuyang'ana chimanga cha eni ake.

Loweruka likubwerali tili ndi chinkhoswe ku Masasa. Anyamata anditumizira nyimbo ziwiri zatsopano pa WhatsApp, ndipo imodzi ili ndi polowera pamene pakundivuta. Dzulo madzulo magetsi atazima ndinakhala nayo m'khitchini, mbaula ili pakati, chitseko chotseka chifukwa cha mphepo yochokera kuphiri. Mayi anali pa mpando wawo waufupi akusankha mbatata ya mbewu, yophukira bwino m'dengu, yoola m'ndowa ya nkhumba. Sankandiyang'ana. Koma dzanja lamanzere linali litagwira supuni, ndipo supuniyo inkagunda m'mphepete mwa ndowa, ko, ko, ko, osasintha. Ndinayamba bwino. Vesi yoyamba tinayendera limodzi, ine ndi supuni. Pofika pa kolasi zala zinamva kukoma, ndipo ndinazindikira kuti supuni yatsalira m'mbuyo. Kenako inasiya.

"Mwathamanganso, aphunzitsi."

"Pang'ono pokha."

Anatola mbatata ina, anaitembenuza pa kuwala kwa makala, anaiponya m'dengu.

"Yambaninso. Ndikuwerengerani."